A Haidari ndi Khosi la Pikapu

Ku Chisemphere kuno ukatchula malemu a Haidari, anthu amayamba kuseka usanamalize, kenako wina amafunsa kuti, "Inu ankati ndinu matumba angati?" Bambo amene uja sankaona munthu, mbuzi kapena njinga momwe timaonera enafe. Iwo ankaona matumba a feteleza. Thumba ndi makilo fifite, ndipo chilichonse cha pansi pano chinali ndi mulingo wake pamenepo. Ine ndinali thumba ndi theka. Mpaka lero ndimati anandichepetsa, chifukwa zaka zimenezo ndinkadya bwino.

Anali ndi golosale pamsika, chapafupi ndi mzikiti, komanso pikapu yoyera imene inali itakalamba kale pamene ankaigula. Kumbuyo kwake ankakokera kalavani ya mateyala awiri, yopanda mabuleki. Malamulo awo ankawadziwa ndi ana a sukulu omwe. Mu pikapu munkalowa matumba sikisitini, kuwerengera ndi oyendetsa. Kalavani inkathera pa matumba fifitini, kuwerengera ndi kalavani yomweyo. Ukawanyengerera, ankatsegula chitseko n'kukuonetsa kachitsulo kolembedwa manambala.

"Sindinalembe ndine, achimwene. Analemba amene anaipanga. Ngati muli naye mlandu, kwawo ndi ku Japan."

Ine ndi bambo amenewa sitinkamwerana madzi kwenikweni. Ndine munthu wa ng'ombe ine, ngolo ndayendetsa zaka makumi atatu, ndipo sindinkafuna kuphunzitsidwa kupakira katundu ndi munthu wogulitsa sopo ndi machesi. Komabe ndi iwowo amene anapulumutsa chigayo cha amayi a m'mudzi mwathu, pamodzi ndi nkhope ya mkazi wanga Ezelina, ndipo anazipulumutsa m'manja mwa ine mwamuna wake. Ndifika pamenepo, koma muyambe mwamudziwa munthuyo.

Zaka za makuponi ndizo zinawatchukitsa. Tsiku logula feteleza wa sabuside, munthu wakhala pamzere masiku awiri, wapeza matumba ake awiri, chimene akufuna ndi kukafika nawo kunyumba achibale asanamuone. Magalimoto a matola ankapakira mpaka mateyala kubisala. A Haidari ankaima pambali ndi kachipewa kawo koyera, akuloza anthu ndi chala.

"Mayi awa thumba limodzi, ndi matumba awo awiri, atatu. Bambo inu, mwadya kale?"

"Ndadya."

"Thumba ndi theka. Kwerani."

Akafika pa sikisitini ankatseka chitseko cha kumbuyo, ngakhale patatsala malo oti ng'ombe n'kugonapo. Otsala ankatukwana, iwo ankangoti, "Ndibweranso," ndipo ankabweradi. Tsiku lina mayi wina anawachonderera kuti akweze nkhuku imodzi yokha. Anaiyeza nkhukuyo m'manja, anaganiza kaye, kenako anavula jekete lawo n'kumusungitsa mlonda wa pa depoti. Nkhuku inakwera, jekete linatsala.

Ngakhale abusa athu, munthu wodalitsika thupi, sanapulumuke pamene ankapita ku msonkhano ku Mtunthama.

"Abusa, inu ndi matumba awiri ndi theka."

"Koma ndasala kudya sabata yonse, a Haidari."

"Ndiye Mulungu ndi wabwino. Mukanakhala atatu."

Bodza limodzi lokha ndi limene tinawagwira nalo. Akazi awo, mayi Ayesha, anali thumba limodzi tsiku la ukwati wawo, ndipo pakamwa pa a Haidari anakhalabe thumba limodzi kwa zaka makumi atatu, ngakhale aliyense wa maso ankaona kuti matumbawo ndi awiri odzaza bwino. Chimene tinazindikira mochedwa n'chakuti mayiwo akakwera, a Haidari ankatsitsa mwakachetechete thumba limodzi la munthu wina, n'kunena kuti teyala lakumanzere likuoneka lofooka.

Za liwiro ndiye musafunse. Njinga zinkawapitirira. Galu wa pa butchala anasiya kuthamangitsa pikapu imeneyo, chifukwa ankaipeza nthawi yomweyo kenako n'kusowa chochita nayo.

Tsopano za chigayo. Feteleza uja anabweretsa chimanga, chimanga chinabweretsa ulendo. Chigayo chapafupi chinali pamsika, maola awiri wapansi kupita ndi kubwera, kuwoloka dambo ndi kukwera mtunda, dengu lili pamutu. Ezelina anasonkhanitsa amayi anzake makumi awiri a Chigwirizano cha kutchalitchi, analima mtedza m'munda umodzi zaka ziwiri, mpaka anagula chigayo chakale cha dizilo pa esiteti ina ya fodya imene inkatsekedwa, kutsidya kwa msika. Amuna ambiri ankaseka, ankati chigayo cha amayi chidzagaya mphepo. Ezelina anaimirira m'tchalitchi, pamaso pa mpingo wonse, n'kunena kuti ufa wa Khirisimasi udzagayidwa pamudzi. Mkazi wanga sabweza mawu. Chigayocho chikanapanda kufika, kapena kufika chili zidutswa, mtedza wa zaka ziwiri ukanapita pachabe, ndipo iye sakanayendanso mutu uli chilili m'mudzi muno.

Amene anagula esitetiyo ananena kuti zonse zichoke pofika Loweruka masana, chotsala adzagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Unali mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kale kusonkhana madzulo aliwonse.

Lachinayi m'mawa tinapita ndi a Haidari kukachiona. Anachizungulira katatu, anachigogoda, anachikankha ndi phewa, anagwada n'kusuzumira kunsi.

"Maulendo atatu," anatero. "Lero titenga chigayo chenichenicho. Mawa ndikachoka ku mzikiti titenga injini, koma magudumu ake olemera a m'mbali awiriwa muwamasule, akwere mu pikapu. Loweruka m'mawa zitsulo zokhazikapo ndi mapaipi."

"Maulendo atatu?" ndinatero ine. "Mvula ikagwa mawa, dambo lija muwoloka ndi chiyani?"

"Tiwoloka ndi zimene Mulungu atipatse, bambo a Lefina. Koma injini yogwera m'dambo sigaya, ngakhale itafikamo msanga."

Ulendo woyamba unayenda bwino, kungoti tinachedwa mpaka ndinayamba kuwerenga mizere ya fodya m'minda ya eni. Lachisanu m'mawa anabweretsa kalavani ku esiteti, anatisiyira masipanala, n'kubwerera kukapemphera. Ezelina ndi amayi anzake anali kumudzi, akumaliza kukonza nyumba ya chigayo. Ku esiteti tinatsala amuna asanu ndi mmodzi, ndipo wamkulu pa onse ndinali ine.

Mabawuti a magudumu anali atadya dzimbiri. Tinalimbana nawo ola lathunthu, linamasuka limodzi. Kumpoto kunada bii, mphepo inayamba kununkha mvula. Nthawi imeneyo ndi pamene anatulukira Chance, woyendetsa matola, amene pikapu yake yofiira inkadziwika ndi fumbi isanaoneke. Anabwera kudzaona ngati pa esiteti patsala malata otchipa.

"Zonsezi?" anatero, akumenya injini ndi phazi. "Ulendo umodzi, madala. Ine ndinakokapo thirakitala kuchoka ku Lukwa. A Haidari akuchedwetsani, mvula iyi sikudikira Loweruka."

Anzanga anandiyang'ana. Ndinayang'ana mitambo. Ndinaganiza za nkhope ya Ezelina akadzaona zonse zafika tsiku limodzi, komanso, ndisaname, za nkhope ya a Haidari. Ndinati tipakire.

Apa ndi pamene ndinaonetsa ukatswiri wanga wonse. Munthu aliyense wa ngolo amadziwa kuti katundu wolemera saikidwa kutsogolo, chifukwa amapanikiza goli, ng'ombe zimatupa makosi, mawa lake zimakana kulima. Umakankhira katundu chakumbuyo mpaka goli lipepuke. Ndinaphunzira kwa bambo anga, iwo anaphunzira kwa bambo awo. Choncho tinagubuduza injini pa mitengo ya bulugama, ndi magudumu ake omwe, n'kuikhazika kumbuyo kwa mateyala a kalavani. Zitsulo ndi mapaipi tinaziunjika pamwamba, tinamanga ndi zingwe zomangira mabelo a fodya. Titamaliza, chitsulo chokokera kalavani chinapepuka moti ndinachinyamula ndi dzanja limodzi n'kuchikoleka ndekha ku galimoto ya Chance. Anzanga anaomba m'manja. Ndinaichitira chifundo galimoto ija monga ndimachitira ng'ombe zanga, ndipo ndinanyada kwambiri. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ndinakwera kumbuyo kwa pikapu, nditayang'ana kalavani. Potuluka pa geti zonse zinali bwino. Titafika pa msewu wowongoka uja wodutsa pakati pa minda, Chance anaponda moto, ndipo kalavani inayamba kugwedeza m'chiuno ngati mtsikana wa chimtali. Poyamba pang'ono, tinaseka. Kenako inayamba kupita uku ndi uku msewu wonse, ndipo ndinamva kumbuyo kwa pikapu kukutsatira, mateyala akutereka pa dothi. Ndinamenya denga ndi chibakera.

"Chance, chepetsa!"

"Ikufuna liwiro imeneyo, madala, iwongoka yokha!"

Anaonjezera. Chingwe chimodzi chinaduka, paipi inagwera m'ngalande. Injini inkapendekeka mbali iyi, n'kubwerera, n'kupendekeka mbali inayo. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire, osati chifukwa cha moyo wanga wokha ayi. Ndinkadziwa kuti tikangodutsa mphambano ya pamsika, kutsogolo kuli mtsetse wotsikira ku dambo, ndipo ndinkaona m'maso mwanga amayi makumi awiri akutola zidutswa za injini m'matope.

A Haidari anali atangotuluka mu mzikiti, akulowa mumsewu waukulu kuti abwere ku esiteti. Anaona fumbi, anaona kalavani yawo ikuvina patali. Sanatibayibitse kapena kuima pakati pa msewu. Anakhotetsa pikapu yawo kuloza kumene ife tinkapita, n'kulowa kutsogolo kwathu pa liwiro limene palibe anawaonapo nalo. Ogulitsa tomato pamsika amachitirabe umboni mpaka lero. Titawayandikira, anayamba kuchepetsa pang'onopang'ono, osaponda buleki mwadzidzidzi. Msewu pamenepo ndi wopapatiza, ngalande uku ndi uku, popitirira palibe. Chance analiza hutala, anatulutsa mutu, anatchula mawu amene sindingawalembe pano. A Haidari anangochepetsabe. Chance nayenso anachepetsa chifukwa analibe kochitira. Kalavani inayamba kufatsa, inafatsa, mpaka tonse tinaima pa mtengo wa msuku umene uli pamwamba penipeni pa mtsetse.

Anatsika atavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu. Sanakalipe. Anatola miyala iwiri n'kupinga mateyala a kalavani, kenako anagwira chitsulo chokokera ndi zala ziwiri. Chinanyamuka chokha, chikungogwiridwa ndi pini.

"Wapakira ndani?"

"Ndine," ndinatero. Pakamwa panali pasanagonje. "Taonani kupepuka kwake. Khosi silikumva kanthu."

"Bambo a Lefina, ng'ombe zanu zili ndi mwayi, zili ndi mbuye wachifundo. Koma iyi si ng'ombe. Galimoto imafuna kumva katundu pakhosi. Pa matumba teni aliwonse, limodzi likhale apa, lipanikize mateyala akumbuyo kuti agwire dothi. Mukaipepuza, kalavani ndi imene imayamba kuyendetsa galimoto."

"Tikanafika," anatero Chance chapansipansi.

"Mukanafikadi, mwana wanga. Matumba twente-thuu pa kalavani yopanda mabuleki, pamtsetse uwu, nonse mukanafika pansi. Kungoti kalavani ikanayamba ndiyo kufika."

Kulira kwa hutala kunamveka mpaka kutsidya kwa dambo, ndipo posakhalitsa amayi anatulukira akukwera mtunda, Ezelina ali patsogolo, manja ali ndi matope a pakhoma. Anayang'ana injini yopendekeka, anagwira chingwe choduka chija, kenako anayang'ana ine. Pa zaka zonse za banja lathu sanandinyozepo pagulu, ndipo tsiku limenelo sanakweze mawu.

"Bambo a Lefina, mtedza uja munalimako mizere ingati?"

Sindinalimeko ngakhale umodzi. Ndinachita manyazi moti ndinalakalaka ndikanagwera m'ngalande limodzi ndi paipi ija.

"Mayi, za kunyumba mukakambirane kunyumba," anatero a Haidari. "Pano bambowa ndikuwafuna. Zitsulo izi ndi mapaipi zilibe malo pa kalavani, ndipo palibe angazitsitse pamtsetse uwu bwino kuposa ng'ombe zawo. Achimwene, thamangani mukamange ngolo."

Ndinathamangadi, munthu wa zaka makumi asanu ndi mphambu. Pobwera ndi ng'ombe ndinapeza magudumu atamasulidwa, atagona mu pikapu yoyera. A Haidari anali atathira mafuta a mabuleki pa mabawuti aja n'kudikira, chinthu chimene ife sitinachiganize. Chance ndi amene anagwira sipanala. Injini anaisunthira kutsogolo kwa mateyala ndi mitengo, pang'onopang'ono, a Haidari akuyesa chitsulo chokokera nthawi iliyonse, mpaka chinafuna manja awiri a mwamuna wamphamvu kuti chinyamuke. Pamenepo anati basi, n'kukoleka kalavani ku pikapu yawo.

Zitsulo ndi mapaipi ndinapakira pa ngolo yanga mwa njira yanga. A Haidari anabwera, anazungulira, anagwira goli, anasisita khosi la ng'ombe.

"Apa ndiye sindingakuphunzitseni kanthu," anatero.

Mawu amenewo ndimawasungabe.

Mtsetse uja tinautsika ngati tanyamula mkwatibwi. A Haidari anaika giya yoyamba ndipo sanaichotse. Amuna anayi ankayenda m'mbali mwa kalavani, aliyense mwala m'manja, okonzeka kupinga mateyala. Pambuyo pawo ngolo yanga, pambuyo pa ngolo amayi makumi awiri akuimba nyimbo ya kutchalitchi, mmodzi atasenza paipi imene anakaitola m'ngalande. Anthu anatuluka m'minda kudzaonerera. Madontho oyamba anatipeza pakati pa dambo, ndipo ine ndinayamba kukuwa kuti afulumire. Iwo anatulutsa dzanja pawindo, anayesa mvula, n'kupitiriza pa liwiro lomwelo. Teyala lomaliza litangoponda pouma, kumwamba kunatseguka. Dambo limenelo silinawolokekenso ndi galimoto mpaka mwezi wa Epulo.

Chigayo chinalira koyamba patatsala masiku asanu ndi anayi kuti ifike Khirisimasi. Dengu loyamba linali la Ezelina. Ufa utayamba kutuluka anautapa m'manja, wotentha, n'kupita nawo panja kukaonetsa amuna aja ankaseka, mmodzimmodzi. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinanyadira mkazi wanga moti ndinaiwala kuti ndinatsala pang'ono kumuphera chigayo. Dengu lachiwiri anatumiza kwa mayi Ayesha. Lero midzi isanu imagayitsa pano, ndipo ana obadwa zaka zimenezi sadziwa kuti amayi awo ankakwera mtunda uja ndi chimanga pamutu.

A Haidari anamwalira patapita zaka zinayi, matenda a shuga. Uthenga unafika m'mawa, ndipo poti Asilamu sagoneka maliro, nthawi inali yochepa. Ezelina analiza chigayo nthawi yomweyo, nyumba iliyonse inabweretsa chimanga, ndipo dzuwa lisanafike pamutu amayi a Chigwirizano anali akukwera mtunda atavala mabulauzi awo oyera, madengu a ufa pamutu, kupita ku maliro a Msilamu. Atabwerera anatseka chigayo masiku atatu. Sindinkadziwa kuti mudzi wathu unazolowera phokoso limenelo mpaka pamene linasowa. Pikapu yoyera anaitenga mphwawo wa ku Lilongwe, ndipo sindifuna kudziwa zimene ikunyamula.

Msewu wathu tsopano ndi wa anthu othamanga. Umakweza dzanja kuti upereke moni, umapeza ukulonjera fumbi. A Haidari anali munthu womaliza kuno amene unkatha kuwafunsa za kunyumba ali pa chiwongolero, iwo n'kuyankha, n'kukufunsa za ana ako mmodzimmodzi, galimoto ikuyenda.

Chaka chatha injini ija inafunika kupita ku boma kukakonzedwa. Anabwera dalaivala wina wa kumeneko ndi pikapu yatsopano yonyezimira, ndi kalavani yake. Atapakira, Ezelina, amene tsopano ali ndi imvi mutu wonse, anamanga chitenje, anagwira chitsulo chokokera n'kuchinyamula. Chinanyamuka.

"Sunthirani kutsogolo," anatero.

Anaisuntha. Ezelina anayesanso.

"Pang'ononso."

Kachitatu chinakana kunyamuka m'manja mwake, ndipo anati amange zingwe.

"Amayi, munagwirapo ntchito ku garaja?" anafunsa dalaivalayo.

"Ayi. Tinali ndi munthu wathu kuno."

Ndinawaperekeza mpaka ku dambo. Pamene mtunda umayambira ndinatsika, ndinatola mwala wabwino, n'kuima pambali pa kalavani kuti ndiziyenda nayo, mwina ingabwerere m'mbuyo. Dalaivala anandiyang'ana pagalasi, anamwetulira, n'kuponda moto. Mtunda wonse anaumaliza ndisanaponde kasanu. Ndinatsala ndekha pakati pa msewu, mwala uli m'manja, ndipo misozi imene sinatuluke tsiku la maliro inatulukira pamenepo.